Mano Amene Anatsalira mu Nzimbe

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere.

Pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Ntcheu panali mkulu wogulitsa nzimbe, dzina lake Yotamu Kamzimbi. Nzeru Mulungu anamumana ndithu, koma anamupepesa ndi mano oyera mbee, olimba ngati khasu. Malonda ake onse anali m'manomo. Ankakuwa kuitana anthu, akasonkhana n'kusenda nzimbe ndi mano kuchokera mfundo iyi kufika mfundo iyo.

"Mwaona kufewa kwake?" ankatero. "Iyi ngakhale khanda litha kudya!"

Anthu ankagula, n'kukazindikira ali kwawo kuti agula nsungwi.

Tsono Yotamu atayamba kumwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, m'kamwa mwake munayamba kuuma gwaa. Lilime linkakakamira, mawu osatuluka. Wogulitsa wosakuwa ndani angamuone? Anapita kuchipatala, ndipo dokotala wa mano, mayi wofatsa bwino, anamuyang'ana m'kamwa.

"Bambo, muziyenda ndi botolo la madzi, muzimwa pang'onopang'ono tsiku lonse," anatero mayiyo. "Koma zowawasa muzipewe. Zimabweretsa malovu, inde, koma zimadya mano, makamaka m'kamwa mouma chonchi."

"Madzi?" Yotamu anatsonya. "Ulendo wonsewu ndadzera kudzauzidwa za madzi? Mwandiona ngati chule?"

Chitsiru chikakana malangizo aulere chimakagula bodza. Pa geti pomwepo anapeza munthu wogulitsa timaswiti towawasa ta m'kabotolo, akuti n'tothetsa kuuma m'kamwa. Yotamu anaponya kamodzi m'tsaya, nkhope n'kukwinyika, malovu n'kusefukira. Anafika kunyumba akukuwira mkazi wake ali patali.

"Nangozo! Chilala chatha! Mvula yagwa m'kamwa muno!"

Kuyambira tsikulo tsaya lake silinakhalenso lopanda kanthu. Kaswiti kakasungunuka, kena kalowa. Ataona kuti mvulayo ikuchepa, anawonjeza bwemba, kenaka mandimu, kumayamwa ngati mwana pa bere.

"Abambo," anatero Nangozo, "ine ndimu ndimachotsera dzimbiri pa mpeni. Chodya dzimbiri chingaleke dzino?"

"Mpeni ndi mpeni, ine ndi ine. Iwe dziwa za kukhitchini."

Miyezi inapita. Mano aja anayamba kuyayamira. Akamwa madzi ozizira ankadumpha ngati waponda khala la moto. Kuyera kuja kunatha, nsonga zake zinapyapyala. Nangozo akamufunsa, iye ankati ndi mphepo ya mu Juni. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kunamizira mphepo!

Tsiku lina Loweruka, msika utadzaza, basi yaikulu inaima pafupi ndi mulu wake wa nzimbe. Yotamu anameza kaswiti kake, n'kukuwa mpaka anthu anamuzungulira. Anasankha nzimbe yonenepa kuposa zonse, anaikweza m'mwamba kuti aliyense aione, n'kuiluma ndi mphamvu zake zonse.

Kunamveka kuti khotcho!

Nzimbe inatuluka m'kamwa yosasendeka, koma itanyamula mano awiri akutsogolo, ali chiimire m'khungu mwake. Kenaka mayi wina wa m'basimo anati, "Nzimbe yogulula mano a mwini wake, ife alendo itisiyira chiyani?" Msika wonse unafa nacho chiseko, ndipo onse anakagula kwa mnzake wa pambali, amene ankasenda ndi mpeni ngati munthu wanzeru.

Lolemba anabwerera kuchipatala mutu uli pansi. Dokotala uja sanamukalipire, anangozula ena anayi amene anali atafumbwa kale. Malonda a Yotamu anathera pomwepo, ndipo ine chisoni sindimumvera ngakhale pang'ono.

Atafika kunyumba anapeza ana akukukuta chimanga chootcha, fungo lake lili guu pabwalo ponse. Nangozo anamuikira mbale ya maungu opotapota, ofewa phwetete. Yotamu anaviika chala, n'kuyang'ana chimanga cha ana chija, misozi ili lengelenge.

"Nangozo, matope amenewa ndiye anga?"

"Anu ndithu, abambo. Si inu munkakuwa msewu wonse kuti mvula yagwa? Idyani asanazizire. Walira mvula, walira matope."