Sabata Yodikira Mitu

Lolemba
Ndabwera nato kuchokera mumtsinje wa Likhubula, tinyongolotsi tafulati tokhala kunsi kwa miyala. Ana anga a Fomu 3 sakhulupirira kuti ukadula kamodzi pakati, chidutswa chilichonse chimamera mutu kapena mchira. M'thupi mwake muli maselo osakhwima, otha kusanduka diso, khungu, chilichonse. Chaka chino adzionere okha. Zakonzeka: mbale, lezala, madzi a mumtsinje.

Lachiwiri
Tadula. Esinati wa kutsogolo akukweza mkono: "Aphunzitsi, nanga dzanja la munthu?" Ndikuyankha mothamanga kuti akatswiri akufufuza. Akulemba m'kope mosamala kwambiri.

Lachitatu
Amayi osesa mulabu atsuka mbale ziwiri, mbee! "Munali tizinyalala." Ndathokoza. Ndi aakulu, nditani.

Lachinayi
Kwabwera bambo ake a Esinati, kuchokera ku Thuchila. Mkono wa malaya aupinda ndi pini. Dzanja linatsala m'lamba wa chigayo. "Ndamva muli ndi mankhwala omeretsa." Ndikufotokoza kuti si mankhwala, kuti anthufe maselo otere tili nawo, koma amangokonza magazi ndi khungu basi. Akumvetsera chipewa chili pa bondo. "Ndiye ife anatigawira mochepa." Manyazi andigwira.

Lachisanu
Ahedi andiitana. Komiti ya makolo yamva kuti ndikupha zamoyo n'kumazidzutsa. Mbale zichoke pasukulu lero lomwe. Ndamanga pa keliyala ya njinga. Msewu wathuwu! Ndafika kunyumba thalauza ili chonyowa, tinyongolotsi tina tatsala m'fumbi.

Loweruka
Kutentha. Madzi afunda, zidutswa zina zasungunuka. Ndatulutsa mbale pakhonde kuti zipitidwe mphepo. Nkhuku za aneba nazo zimamva ludzu. Katsala kachidutswa kamodzi, kakumchira.

Lamulungu
Pamene tinadula patuluka kansonga koyera. Maso kalibe. Bambo aja atulukira pochokera ku tchalitchi, sindinawaitane. Akuwerama pa mbale nthawi yaitali. Kenaka: "Kakuyesetsa ndithu. Koma muno sikakhala bwino, kabwezeni kwawo."

Tapita tonse awiri. Ndakathira pansi pa mwala, pamthunzi, iwo ataima pamtunda. Ngati mutu umere, umera komweko, popanda woona.

Mawa ndijambula pa bolodi ndi choko.