Mphezi ndi Mzere Wofiira wa a Mbewe

LOLEMBA

Kope latsopano, ntchito yatsopano, munthu watsopano. Ndikulemba m'Chichewa kuti chindizolowere, poti a Mbewe, kalaliki wamkulu wa ku ofesi, akuti ndimachilankhula ngati ndikutafuna mzimbe. Iwo ndi a ku Dedza. Adikire. Pofika Loweruka ndidzakhala ndikuwakonza ndine.

Nkhani ili chonchi. Ku ofesi ku Boma kukufunika mesenjala mmodzi. Oyesedwa tilipo awiri, ine ndi Kanyika, sabata imodzi. Pa tebulo pali buku losainamo. Chitsulo chikalira hafu pasiti seveni, a Mbewe amatenga lula n'kujambula mzere wofiira. Wosaina pamwamba ndi munthu, wosaina pansi ndi mbuzi. Loweruka mmodzi avala khaki.

Kanyika amakhala kuseri kwa msika, amabwera wapansi. Ine ndimachokera kuno ku Kaseye, koma ndili ndi Mphezi, njinga yanga. Mkazi wanga Namwaka akuti ndikagone kwa mchimwene wake ku Boma sabata yonseyi, mkeka ulipo. Mkeka! Munthu wa njinga kukagona pa mkeka wa mlamu?

Dzulo potuluka m'tchalitchi ndinawauza anthu: "Namwaka akateleka madzi a tiyi, ine kupita ku Boma, kubwerako, madziwo asanawire. Amene ali ndi kalata abweretse." Mwina mchere ndinathira wambiri pang'ono.

Lero ndanyamuka tambala wachiwiri. Za panjira:
— makalata atatu, aliyense mwini wake ndi moni wake;
— apongozi, a Simwaka, ali kale pa khola lawo la m'mbali mwa msewu. Kutsika, kuvula chipewa, kunyonyomala. Iwo: "Mwaghona, mkweni," moni wa kwathu wa m'mawa kwa mkamwini. Ana adzuka bwanji, Namwaka wadzuka bwanji, chifuwa cha wamng'ono uja, kenako ineyo ndifunse za ng'ombe, iliyonse ndi dzina lake.

Ndasaina womaliza pamwamba. Mzere wadula mchira wa dzina langa, koma mutu wapulumuka. Kanyika wasaina woyamba. Ndamuuza: "Iwe ukupikisana ndi yani, poti ukayetsemula kunyumba kwako a Mbewe amakuuza pepa ali pa mpando?" Sanaseke. Munthu wosaseka sakhalitsa pa ntchito.

LACHIWIRI

Mbiri yawanda kuti makalata aja anafikadi. Lero m'mbali mwa msewu muli anthu ngati kuli msonkhano. Mphezi wasenza:
— makalata asanu;
— mazira m'kambale ka madeya;
— khasu long'ambika, loti akaliwotcherere;
— tambala wamoyo, wa aphunzitsi ena amene dzina lawo ndaiwala tisanafike pa mlatho;
— dengu la agogo Nalungwe: ufa, nyemba, nkhuni. Ndi la mwana wawo Tamala, amene ndi woyembekezera, ali ku chipatala, akudikira kuchira.

Kwathu kuno munthu sangokupatsa katundu. Ayambe wakupatsa moni, uyankhe, akuuze katunduyo ndi wa yani, iyeyo anakwatiwa kuti, ndiponso chifukwa chake sabwera kudzaona anthu.

Pa mlatho ng'ombe za apongozi zadzaza uku ndi uku. Ziwiri mwa izo ndi zanga zakale, za malowolo. Ndaimba belu. Zandiyang'ana ngati sitinadyerepo limodzi mavuto.

Pansi pa mzere.

A Mbewe akuti: "Mukudandaula ng'ombe? Ku Blantyre m'mawa galimoto zimandandana kuchokera ku malokeshoni mpaka m'tauni, munthu kumera ndevu ali pa mpando." Ndawayankha: "Bwana, galimoto ya ku Blantyre ikaima patsogolo panu, imakufunsani kuti ana adzuka bwanji?" Ofesi yonse yaseka. Iwonso aseka mpaka kuvula magalasi. Koma mzere sanaufafanize.

Tambala uja ndinamubisa kunsi kwa benchi. Wasankha kulira nthawi imene bwana wamkulu akudutsa.

LACHITATU

Nzeru zabwera. Pali kanjira ka m'minda kodutsa kuseri kwa mudzi. Kulibe apongozi, kulibe madengu, kulibe ng'ombe. Ndanyamuka mwakachetechete, belu ndalimanga kansanza. Ndikudziyamikira ndekha pa chishalo kuti mutu ngati uwu boma likuchedwa kuuona.

Kenako masamba aawisi atayalidwa panjira. Maliro.

Munthu sadutsa pa maliro ali pa njinga. Utsike. Ukatsika, akuona. Akakuona, ukhale pansi. Malemuwo sindinalankhulanepo nawo chibadwire, koma ndapukusa mutu ngati anali amalume anga enieni. Pamene ndikuti ndidzuke mwaulemu, mkulu wina waloza: "Si uyu wa madzi a tiyi uja? Mulungu watitumizira." Uthenga wa maliro kwa abale atatu ku Boma. Wina ku msika, wina kuseri kwa chipatala, wachitatu "ukafunse, amamudziwa, ndi wamfupi."

Ku Boma anthu aafupi ndi ambiri.

Ndasaina pansi penipeni, pamene pepala limathera.

Madzulo ndapeza katundu yense amene ndinathawa ali pakhonde panga, wandidikira. Namwaka walandira zonse, ndi "yewo" pamwamba. Akutinso apongozi anaima pa khola mpaka dzuwa kutentha, ndipo atumiza mawu: "Mukamufunse mkweni ngati maliro tamvawa ndi ake."

Namwaka: "Mkeka uja ukadalipo." Ndati ndiganizira. Sindikuganizira.

LACHINAYI

Lero ndiye lero. Katundu ndinamangiratu. Moni wa lero apongozi ndinakawapatsiratu dzulo madzulo, wathunthu, ndi ng'ombe zomwe. Tambala woyamba, ndili pa chishalo. Msewu wonse wanga ndekha. Mphezi sakuyenda, akuuluka. Chithunzithunzi changa chomwe chatsalira m'mbuyo, chifika mawa.

Polowera m'Boma ndafika dzuwa likungosuzumira. Denga la ofesi ndikuliona uko.

Chingwe pamsewu. Anyamata a malaya ofiira. Khadi la chipani ndili nalo, ndalitulutsa asanafunse. Zikanathera pomwepo. Koma pakamwa panga sipadziwa kupuma: "Onani bwino, musafulumire, ine lero nthawi ndili nayo yambiri."

Wamkulu wawo wamwetulira. "Zabwino zimenezo, bambo. Loweruka kukubwera alendo akuluakulu." Chidebe cha laimu m'manja, ndi kamtolo ka udzu kopakira. Miyala ya m'mbali mwa msewu, kuyambira pa chingwe mpaka pa mtengo wa mbendera.

Chitsulo cha hafu pasiti seveni ndachimva bwinobwino, ndili chiweramire.

Pa zimenezi sindilemba zambiri. Kope limatha kugwa m'thumba. Miyala yayera bwino ndipo ndakondwa kwambiri.

Ndalowa mu ofesi ndili mbuu. A Mbewe ayang'ana ine, ayang'ana chithunzi cha mtsogoleri wa dziko pakhoma, akweza mawu: "Ntchito yotamandika!" Kenako motsitsa: "Koma mzere ndajambula kale."

Masana andituma ku positi, ku chipatala ndi ku polisi. Ndabwerako inki isanaume. Ulendo womwewo Kanyika umamudyera m'mawa wonse. A Mbewe andinong'oneza: "Miyendo muli nayo, achimwene. Mawa ndiponso Loweruka mukhale pamwamba, ine ndikakulankhulirani." Ndiye kuti chitseko sichinatsekeke.

Ku chipatala kuja ndamva kuti Tamala wachira. Mwana wamwamuna. Apa ndi pamene ndikanagona kwa mlamu. Ndafika mpaka pa mphambano yopita kwawo, ndaimapo. Koma uthenga wokoma chonchi, ndiusiyire wina akanene? Ndaulengeza kuyambira pa mlatho mpaka pakhomo pa agogo Nalungwe, belu lili ngiringiri.

LACHISANU

Malamulo a lero:
1. Nkhope yachitsulo.
2. Moni wa dzanja lokha.
3. Osaima, ngakhale atakhala mngelo.

Poyamba zikuyenda. A makalata ndawadutsa: "Haraka, haraka, ndili pa changu, mawa!" Kwa apongozi: kutsika, mwaghona, kukwera, mpweya umodzi. Ndawasiya akadali pa mwana woyamba. Mlandu umenewo ndikuudziwa, undipeza.

Pokhota pa mtengo wa mango, agogo Nalungwe. Osati m'mbali. Pakati penipeni pa msewu, nsalu yatsopano, kamtolo pamutu. Sanapemphe. Angoti, "Gwira bwino njinga, mwana wanga," n'kukhala pa kaliyala chammbali. Amenewa ndi amene anandilandira tsiku limene ndinabadwa, ndipo amakonda kukumbutsa anthu mmene ndinkaonekera. Ukawauza chiyani? Za lula?

"Pole pole, pang'onopang'ono, ine si thumba la chimanga."

Pa nyumba iliyonse: "Ima." Kuti awauze anthu zimene ndinawauza kale dzulo. Nthungululu. Uyu dzira, uyu kachidutswa ka sopo, uyu dzungu lalikulu ngati mutu wa Kanyika. Pa chitunda satsika. Ine ndikukankha, iwo ali khale, akundiuza kuti bambo anga ankakankha bwino kuposa apa. Pa chingwe chija anyamata ofiira achitsitsa okha, agogo atamufunsa wamkulu wawo ngati anasiya kukodza pogona.

Chitsulo sindinachimve n'komwe. Chinalira tili kutali.

Ku chipatala mwana ndamuona. Akufanana ndi mbatata yongokumba, koma mawu ali nawo.

Mu ofesi ndalowa dzuwa litakwera. A Mbewe angonditembenuzira buku, n'kundipatsa cholembera. Bola akanandikalipira.

Poweruka ndagogoda kwa mlamu. "Alamu, mkeka uja..." Angoutambasula. Nawonso bola akanaseka.

LOWERUKA

Kuchokera pa mkeka wa mlamu kufika pakhomo la ofesi: ndayamba nyimbo ya m'tchalitchi, ndafika ndime yachiwiri isanathe. Wapansi. Thukuta ngakhale dontho.

Ndapeza mlonda asanachoke. Ndasaina woyamba, zilembo zikuluzikulu ngati za pa basi. Kanyika wachiwiri. Ndamuyang'ana kuti aone. Waona.

Cha m'ma teni a Mbewe atiitana. Atsegula buku, akuloza ndi lula. Ine: pamwamba, pansi, pansi, pansi, pansi, pamwamba. Kanyika: pamwamba pokhapokha, ngati nyani. "Ndinayesa, achimwene. Koma bwana wamkulu amawerenga buku, sawerenga miyendo."

Khaki kwa Kanyika. Kabudula wamukulira, mawondo ali ngati mitu ya zibonga. Ine akanandikwana ngati ndinabadwira momwemo.

Pakhomo wandiimitsa: "Achimwene, Lolemba kuli makalata akutali. Simungandibwerekeko Mphezi?" Ndiye waseka. Kuseka koyamba sabata yonseyi. Mano ali nawo abwino, ndivomere.

Alendo akuluakulu aja adutsa masana. Tonse atiimika m'mbali kuyambira kalekale, kuwomba m'manja. Galimoto zitatu, fumbi, basi. Miyala yanga yabwerera kufiira.

Pobwerera ndanyamula khasu lowotcherera, dengu lopanda kanthu, mayankho a makalata. Apongozi ali pa khola. Ayambira pamene ndinawasiyira dzulo, pa mwana wachiwiri. Ndanyonyomala mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ndithamangira kuti?

Namwaka wayang'ana pa kaliyala, wayang'ana ine. Wateleka madzi a tiyi. Awira, ine ndili pompo pakhonde. 

LAMULUNGU

Ndatsimikiza: potuluka m'tchalitchi, pamalo pomwe ndinadzitamira paja, ndinene zoona. Ntchito yandikanika, makalata apeze njira ina.

Nthawi ya zolengeza, mkulu wa mpingo watambasula kapepala kochokera ku chipatala. Ndinabwera nako ndekha dzulo, osadziwa za m'kati. Agogo Nalungwe akuthokoza Mulungu, anamwino, ndi njinga. Mwana am'tcha dzina: Mphezi. Osati langa. La njinga.

Panja ndanenabe. Mawu otsika, koma ndanena: khaki yapita kwa wina. Ndimayembekezera kusekedwa, poti ine ndikanaseka.

Palibe waseka. "Pepa, pepa." Kenako mayi wina: "Ndiye kuti mawa mulibe changu?" Apongozi agwedeza mutu, koyamba chikwatirire mwana wawo: "Zakhala bwino, mkweni. Ntchito yodula moni pakati si ntchito."

Za mawa:
— kukatenga agogo, Tamala ndi Mphezi wamng'ono, maulendo awiri;
— makalata anayi;
— aphunzitsi aja akuti tambala sanafike kwa iwo, ndikafufuze anadya ndani;
— mbuzi. Ndakana. Ibwera.

Ndikanamvera za mkeka Lolemba lija, bwenzi lero khaki ili pa chingwe panjapa, anthu akudutsa akuiona. Kuchokera pa mkeka kufika ku ofesi, ndime ziwiri za nyimbo basi. Ndakhala ndikuiimba tsiku lonse, imathera pomwepo.

Ndinkafuna umesenjala. Ndaupeza ndithu: wa Kaseye yense, wopanda khaki, wopanda mzere. Namwaka akufunsa ngati andidzutse tambala woyamba kapena wachiwiri. Ndati wachitatu.

Ndikapope matayala.