Sitima imene sichoka

Mpaka lero ndikamadutsa pamene amagulitsa zitenje ku Old Town ndimayenda mwachangu ngati ndasiya mpopi wosatseka kunyumba. Amayi ogulitsawo sanandilakwire chilichonse. Kungoti ndi pamenepo pamene ndinatola Chiswahili changa, ndipo Chiswahili chimenecho chinatsala pang'ono kusandutsa anthu atatu kukhala opanda kwawo.

Tinalipo ine, Yamikani ndi Thoko, tonse ogwira ntchito ku City Centre, tonse a matumba obooka. Thoko ndiye anabwera ndi maganizo oti patchuthi tipite ku Tanzania, tikakwere sitima yapamtunda ku Mbeya mpaka ku Dar es Salaam, kenako tikaone mabwinja akale a ku Bagamoyo. Kugona kotchipa, kudya za m'mbali mwa msewu, aliyense kachikwama kake kumsana. Yamikani atafunsa kuti nanga chilankhulo tikatani nacho, ine ndinadziguguda pachifuwa.

"Zimenezo mundisiyire ine, amwene. Chiswahili ndi Chichewa chomwechi, changovala jekete."

Sukulu yanga yonse inali yoperekeza mlongo wanga kokanenerera zitenje kwa amayi ochokera ku Tanzania. Ndinkadziwa kuti nyumba ndi nyumba, mbuzi ndi mbuzi, moto ndi moto. Mawu otsalawo, m'kuona kwanga, umangotenga a Chichewa n'kuwatchula molimba mtima.

Poyamba zinayenda. Pachipata cha Songwe ndinamwaza "asante" kwa aliyense, ndi amene sanandichitire kanthu omwe, mpaka Thoko anayamba kundiyang'ana mwaulemu (chinthu chimene anali asanachitepo chidziwiraneni). Tili m'sitima, iye anasonkhanitsa mapasipoti athu n'kuwabisa m'thumba lam'kati mwa chikwama chake kuti asatayike.

Sitima ija inkayenda mwaufumu, kuima pamene yafunira. Mawa lake masana inaima pakasiteshoni kena kam'tchire n'kukhalitsa. Njala inali itatipanda, ndipo chapatali pang'ono mayi wina ankakazinga tchipisi chothira mazira, fungo lake likulowera pawindo lathu lenileni. Anzanga anandituma kuti ndikafunse ngati nthawi yotsika ilipo. Pakhomo ndinapeza bambo wina wa yunifolomu, wogwira ntchito m'sitimamo.

"Baba, treni inachoka?" (Treni ndiye sitima. Kuchoka ndi kuchoka basi, ndinatero mumtima.)

Bamboyo anandiyang'ana kaye, kenako anaseka mpaka kugwirira chitseko.

"Treni haichoki, ndugu yangu. Haichoki kabisa."

Ndinabwerera ngati munthu wochokera kumsonkhano waukulu.

"Akuti sichoka. Sichoka n'komwe. Mwina injini yafa."

"Nanga amaseka chiyani?" anafunsa Yamikani.

"Anthu akuno ndi ansangala, aise."

Tinatsika, zikwama n'kuzisiya pampando, chifukwa sitima yosachoka singakubere katundu. Tchipisi chitangoikidwa m'mbale, hutala inalira. Thoko anadzuka.

"Khala pansi iwe, akungoiyesa," ndinatero, foloko ili kale m'manja.

Kenako ndinaona mawindo akuyenda.

Tinaliyatsa liwiro. Ine patsogolo, Thoko pambuyo, Yamikani ndi mbale m'manja, mayi wa tchipisi akuthamangira mbale yake. Sitima imene inakhala ikukwawa chichokereni ku Mbeya inasankha nthawi imeneyo kuti ionetse mphamvu zake. Tinangotsala tili chiimire panjanji, tikuona msana wake ukuchepa.

Thoko sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangonena motsitsa kuti, "Mapasipoti ali mmenemo."

Apa ndinachita mantha enieni. Ndinakumbukira mayi ake a Thoko a ku Area 4, amene potitsanzika padepoti anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanayu ndamusiya m'manja mwanu, inu odziwa chilankhulo." Ndinadziona ndikuwafotokozera pafoni kuti mwana wawo ali m'manja mwa apolisi a dziko la eni chifukwa cha tchipisi.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipemphe thandizo m'Chiswahili, koma Yamikani anandiletsa ndi diso lokha. Analoza njanji, n'kuloza kumsana kwake kopanda chikwama, n'kugwira mutu. Mayi wa tchipisi anamva zonse, ndipo atalandira mbale yake anakuwira anthu a njinga zamoto. Msewu wake sindiufotokoza. Ndingonena kuti ndinapemphera m'Chichewa chokhachokha.

Sitima ija tinaipeza pasiteshoni yotsatira itaimanso, ngati sinachite kanthu. Bambo wa yunifolomu uja anali atakhala pafupi ndi zikwama zathu, akuzilondera. Thoko anapisa dzanja m'thumba lija, n'kupeza mapasipoti onse ali momwemo. Bamboyo atationa fumbi mpaka m'nsidze anapukusa mutu mwachisoni.

"Poleni sana. Mmechoka?"

Ine mtima unandipsa. "Mwamumva? Akutifunsa ngati tinachoka. Akutinyoza ameneyu."

Bamboyo ataona nkhope yanga anabwereza mawuwo, koma tsopano akudzipukuta thukuta la bodza pachipumi, mapewa atagwetsa, akupuma wefuwefu. Thoko anamuyang'ana, kenako anayang'ana ine.

"Akufunsa ngati tatopa," anatero pang'onopang'ono. "Kuchoka kwawo kuno ndi kutopa."

Yamikani ndiye anamaliza mlandu.

"Ndiye kuti iwe unapita kwa munthu wamkulu n'kumufunsa ngati sitima imatopa."

Ndipo munthu wamkuluyo anandiyankha zoona zokhazokha.

Chigamulo chinali choti ulendo wotsalawo ndizinyamula zikwama, pakamwa pali potseka. Ku Bagamoyo tinafika, tinaona zipupa za mzikiti wakalekale ndi manda a miyala ya m'nyanja, malo okongola moti ndinaiwalako manyazi anga. Pazithunzi zonse ndikuoneka kumapeto, nditawerama ndi katundu. Wotionetsa malowo asanayambe kufotokoza anafunsa ngati pagulu pathu pali womva Chiswahili, ndipo ndinangoona dzanja langa likukwera lokha. Thoko analitsitsa mwakachetechete, n'kulipatsa botolo lake la madzi kuti ligwire.