Kabuleta ya a Terry Inalibe Mlandu

Iyi ndi yamanyazi, koma poti mayi akunyumba anaifalitsa kale kutchalitchi, bola muimve kwa mwini wake.

Mu 2006 tinkakhala kudziko la azungu, ku Nechells. Aneba athu a Terry, mzungu wachikulire, anali ndi kagalimoto kamakedzana kofiira, ka mipando iwiri, kopanda denga. Mlamu wanga Chikondi ankakwatiwa Loweruka ku Aston, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinamulonjeza kuti akafika kutchalitchi m'kagalimotoko. A Terry anandipatsa kiyi Lachitatu kuti ndikazolowere.

Ndikutsika kamtunda kena, kumbuyo kunangoti phuu! ngati mfuti. Mayi wina pa bus stop anataya shopping yake.

"Kabuleta yanu ikumwa petulo wambiri, mpweya ukuchepa," ndinawauza a Terry.

"Zaka makumi atatu sinawombepo," iwo anatero.

"Bwana, ine ndayendetsa minibasi ku Ndirande. Injini ndimaimva ndi khutu!"

Ndinatsegula boneti, ndikupotokola tizitsulo tosakanizira petulo ndi mpweya. Kukayesa pamtunda paja, phuu! Ndinapotokolera kwinaku. Phuu! Pofika Lachisanu kagalimoto kanali kakutsokomola utsi wakuda, Chikondi akuimba foni ola lililonse.

"Alamu, mawa zitheka?"

"Usadandaule, zatsala fine tuning."

A Terry anatopa nazo. Anakhala pambali panga kuti adzimvere okha.

Titafika pamtunda paja, dzanja langa linachita zomwe linazolowera kwathu. Ndinazimitsa injini kuti tisunge petulo, giya ili momwemo, galimoto ikutsetsereka yokha.

"What are you doing?" anakuwa a Terry.

"Saving, bwana!"

Pofika m'munsi ndinayatsanso. Phuuu! Ekizozi inang'ambika n'kumakwekwereka pamsewu.

Mkuluyo anandifotokozera ngati mwana wa sitandade wani. Ukazimitsa giya ili momwemo, injini imapopabe petulo wosapsa n'kudzaza mu ekizozi. Ukayatsa, moto umamupeza komweko.

Ndinamva manyazi mpaka kumapazi.

"Ndiye tikonze chiyani?" ndinafunsa chapansipansi.

"Kabuleta inali bwino mpaka Lachitatu," anatero akutambasula dzanja kuti ndiwabwezere kiyi. "Chofunika kuchotsa ndi ichi chakhala pachiwongolerochi."

Chikondi anafika ku ukwati wake pa vani yonyamula keke, ndipo mpaka lero akandiona amangoti, "Saving, alamu!"

Galimoto ikamawomba, yambani mwafufuza dalaivala.