Misozi ndinaisiya ku ofesi

Ndikanakonda ndikanadwala tsiku limene tinaphunzira mawu akuti stoic ku koleji ya mishoni. Mphunzitsi anati amanena munthu wosalira ngakhale zitavuta chotani, ndipo anachokera ku mawu a Agiriki otanthauza khonde, poti oyambitsa khalidweli ankaphunzitsira pakhonde. Ndinawakonda mawuwo. (Munthu wosaferedwapo amakonda zambiri.)

Mkazi wanga Esinati anamwalira dzinja lathali. Ndine kalaliki pa esiteti ya tiyi, ndipo ndinkakhala chikamwini kwawo kwa Mphuka, ndi kamwana kathu Elube. Mkamwini akaferedwa amatsala pamudzi pokhapokha eni mudzi atamufuna. Izi ndinkazidziwa. Koma mzungu wa pa esiteti atandigwira phewa n'kunena kuti ndikhale stoic, ndinamva ngati wandikweza pantchito.

Tsiku la maliro ndinavala jekete ndi taye. Amuna anakhala pansi, amayi akulira m'nyumba, ine chilili pakhonde (inde, pakhonde penipeni) kumapereka chanza kwa aliyense.

Malume ake a Esinati anandiyandikira.

"Akamwini, mwadwala?"

"Ayi, ndili bwino."

"Muli bwino! Nanga misozi mwaisiya ku ofesi?"

Apa wanzeru akanavula jekete n'kukhala m'dothi. Ine ndinayamba kufotokoza za Agiriki. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Agiriki anuwo," anatero, "anakwatira kwa yani?"

Kumanda sindinalire. M'mawa mwake ndinasamba ndi sopo, n'kupesa tsitsi, n'kukafika kuntchito belu lisanalire. Pobwerako ndinapeza mlandu utagamulidwa kale kuchitsime: mwamuna wosalira mkazi wake akudziwa chimene chamudya.

Tsiku lometa maliro anandisudzula. Ndinapempha kuti nditsale chifukwa cha mwana.

"Kuti akadzadwala mudzaime pakhonde?" anatero malume aja. "Pitani bwino, bambo."

Ndinalirira panjira, pakati pa mizere ya tiyi, kulira kogwa nako pansi, jekete yonse matope. Mboni yanga inali mayi mmodzi wothyola tiyi, amene anathamanga kudzafunsa kuti njoka yandiluma pati.

Tsopano ndimakhala m'nyumba za pa esiteti. Elube, eni mudzi amandilola kukamuona Lamulungu. Amaima kumbuyo kwa agogo ake, atagwira chitenje. Ndikamatsanzika amangondiyang'ana, salira. Onse pamudzipo amati watengera bambo ake.