Itereta, Apongozi ndi Ndege ya ku Harare

Lolemba

Nkhani yabwino! Kampani yathu ikufuna tsamba la pa intaneti. Bwana Mbewe akuti Lachisanu atiyesa awiri, ine wotaipa makalata ndi Mai Gondwe a ku risepishoni. Wopambana akaphunzira ku Harare. Pa ndege! Ine amene ndakalambira m'minibasi ya Zingwangwa.

Mayeso ake: pulogalamu yoonetsa pa tsamba mayina a antchito onse. Buku lofotokopa likuti pamafunika itereta, kanthu koyenda pa mndandanda kumatenga dzina limodzilimodzi. Malamulo ake:
- kufunsa kuti, "Alipo wina?"
- ngati alipo, kumutenga
- kubwerera m'mbuyo, ayi
- kusintha mndandanda ulendo uli mkati, ayi ndithu, zonse zimaima

Zophweka!

Lachiwiri

Kompyuta ku ofesi ndi imodzi, Mai Gondwe akhalapo ngati thadzi lofungatira. Palibe kanthu, ndiyeserera kunyumba. Ndafoletsa banja pabwalo motsata alifabeti, itereta ndine. Apongozi, amene abwera kudzacheza kuchokera ku Mulanje, agwera kumapeto chifukwa cha dzina lawo.

"Ine kumbuyo kwa ana? Sukulu yakupwetekani, bambo a Chikondi."

Asamukira kutsogolo ine ndili pakati pa mzere. Ndani angawabweze? Ndayambiranso katatu.

Lachitatu

Tafolanso. Aneba aona mzere, ndipo poti chisankho chayandikira, aganiza kuti ndikugawa nsalu za chipani. Afola nawo. Ndikafunsa "Alipo wina?" yankho ndi "Tilipo!" Mzere wafika pa mpope. Itereta wafa ndi ludzu.

Lachinayi

Ndikuweruka, ndapeza afola kale. Mayi wina wachokera ku Nancholi wapansi, akuti, "Bola tisheti, achimwene, ngakhale yaing'ono." Alandilodi akufunsa kuti ndine wa chipani chanji. Ndalowera khomo la kuseri, pulogalamu ndalemba pa pepala. Yakongola zedi. Mkazi wanga wayamba kale kuchapa sutikesi.

Lachisanu

Kalanga ine! Ndikutaipa, ndaona kuti a Mbewe ali pakati, pansi pa a Banda olondera pa geti. Mtima wakana. Ndawonjeza mzere umodzi wokha: itereta akafika pa Bwana, awanyamule awaike pamwamba.

Bwana adina batani. Banda, Chirwa, Gondwe, Kamanga... zii. Pulogalamu yaima. Onse a pambuyo pa M asowa, ine ndemwe. Ya Mai Gondwe yayenda mpaka Zimba, Bwana ali pakati pomwepo, ndipo sanadandaule n'komwe!

Loweruka

Lamulo lachinayi ndinalilemba ndekha Lolemba. Zikundiwawa, sindinama. Mkazi wanga wafotokozera apongozi zonse. Iwo akuti, "Ameneyu ndiye mkamwini. Makinawo ndi amene sanaleredwe." Andipatsa ntchafu ya nkhuku. Chikwatire ine, aka n'koyamba.

Lamulungu

Kutchalitchi kwakoma, kwaya yaimba bwino. Pakhomo palibe mzere, mbiri yamveka kuti ndine wa chipani chomana. Sutikesi yauma, tasungamo mabulangeti.

Mawa ndibwerera pa taipi yanga. Mai Gondwe anyamuka Lachiwiri, ndipo Bwana andisankha ine kuti ndiwaperekeze ku bwalo la ndege ku Chileka ndi kuwanyamulira chikwama, ati ndine munthu waulemu. Basi, ndegeyo ndikaionera pafupi.