Denga la Apongozi Ndinaligula pa Khadi

Ku Thambani kuli nyumba ina ya malata imene anthu mpaka lero amati ndinafolera ndine. Ndikamadutsa amandiloza, "Mkamwini weniweni ndi uyo!" Ine ndimangomwetulira n'kuzolika. Amaona ngati ndikudzichepetsa, koma abale inu, ndi manyazi. Lero ndiulule basi, poti amene ankandisungira chinsinsichi anatisiya.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa boda pa Mwanza, kuthamanga ndi mapepala a katundu wa mathiraki kuti awoloke msanga. Masiku okoma amenewo! Fungo la dizilo, tchipisi chapachiwaya, osintha ndalama akukuwa "metikashi, randi!", ine ndikudutsa pakati pawo ndi nsapato zosongoka, fayilo ili kukhwapa. Ndinali nditangokwatira Esinati, mwana wa a Nachisale a ku Thambani, ndipo ndinkadziona ngati boda yonse ndi ya bambo anga.

Tsiku lina abwana anatipatsa makhadi a kubanki, aliyense lolembedwa dzina lake, oti tizilipirira zofunika zantchito m'malo moyenda ndi ndalama m'thumba. Mayi Saidi, akauntanti wathu, anatipatsanso kapepala ka malamulo. Kanali ka Chingerezi, zilembo zake ngati nyerere. Ndinakasaina osawerenga. (Ine amene ntchito yanga inali yowerenga mapepala a anthu ena, tangoganizani.)

Masana omwewo ndinakaonetsa khadilo kwa mnzanga a Zuze, dalaivala wa thiraki amene ankapita ku Joni kawiri pamwezi. Kwa ife, munthu woti waona Joni ankadziwa zonse.

"Amigu, mnzanga, walemera iwe," anatero a Zuze, akutulutsa lawo m'chikwama. "Langa ndi ili. Ndimagula chimene mtima wafuna. Mwezi ukatha ndimangoponyamo kangachepe, zotsalazo zimadikira mwezi winawo. Ukaponyamonso kangachepe, zimadikiranso. Banki ya masiku ano ilibe phuma."

Ndinaika makhadi awiriwo pamodzi. Kukula kwake kofanana, kunyezimira kofanana. Ndiye kusiyana kukanachokera kuti?

Apa mpamene satana anandikumbutsa za denga la apongozi. Nyumba yawo inali yaudzu, ndipo dzinja lapitalo inkadontha moti ankagona ndi mabeseni. Komanso (ndinene zoona) mkamwini mnzanga, mwamuna wa mkulu wake wa Esinati, anali atawagulira wailesi, ndipo mudzi wonse unkangokamba za wailesiyo. Zinkandiwawa.

Loweruka ndinakwera minibasi wa ku Limbe. M'sitolo ya zipangizo zomangira ndinaloza malata, misomali, matabwa, ngakhale penti wobiriwira amene palibe anandipempha. Wogulitsa, mwenye wina, analowetsa khadi m'kamakina, kanalira kuti tswii, risiti n'kutuluka. Basi! M'thumba mwanga simunachoke ngakhale tambala. Ndinatsala pang'ono kumupsompsona mwenyeyo.

Tsiku limene pikiapu yonyamula malatawo inafika ku Thambani sindidzaliiwala. Amayi a m'mudzimo analuluta kuchokera pamsika mpaka pakhomo. Esinati ankayenda ngati mkazi wa nduna. Apongozi, monga mwa mwambo, sanandiyandikire. Anakhala patali pansi pa mtengo wa manachesi, nkhope atayang'ana kumbali, n'kuwomba m'manja katatu.

"Esinati, uwauze apongoziwo kuti taona."

Mawu anali okhawo, koma ine ndinamva ngati andiveka mendulo. Pofika Lachitatu udzu unali utasasulidwa n'kutenthedwa, malata atakhomedwa, denga likuwala mpaka kuphiri. Za wailesi ija palibenso anazitchula.

Mwezi utatha, Mayi Saidi anandiitana mu ofesi. Ndinalowa ndikuimba mluzu, kangachepe kanga ndatenga kale m'thumba. Ndinakaika pa tebulo mwaulemu.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa, magalasi ali pamphuno.

"Ya mwezi uno, mayi. Zotsalazo zidikire mwezi wamawa."

Anavula magalasi aja. Kenako anatseka chitseko, ndipo ndinadziwa kuti zinthu zavuta.

"Achimwene, munawerenga kapepala kaja? Makhadiwa alipo mitundu iwiri. Lilipo limene amati kirediti khadi. Limenelo mukhoza kubweza pang'ono, yotsalayo n'kupita mwezi winawo, koma ikamapita imabereka chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho chimaberekanso china. Lanuli ndi tchaji khadi. Chiwongoladzanja chotere palibe, chifukwa palibenso chodikira. Zonse zimene mwagula mwezi uno mumabweza mwezi uno. Zantchito imabweza kampani mukabweretsa risiti. Nanga malatawa afolera thiraki iti?"

Ndalama ya katunduyo inali malipiro anga a miyezi inayi. Anandipatsa sabata imodzi. Ikadutsa, banki itseka makhadi a kampani yonse, ndipo abwana adziwa chifukwa chake.

Ndinathamangira kwa a Zuze. Ndinawapeza pansi pa thiraki, akumanga nati.

"Aaa, amigu, ndiye lako ndi lamtundu winawo? Pepa." Anapukuta manja. "Ndikanakuthandiza, koma inenso firiji imene ndinagula zaka zitatu zapitazo ndikulipirabe. Firijiyo inafa kale."

Zimenezo sanandiuze tsiku loyamba lija!

Ndinagulitsa foni ndi nsapato zosongoka zija, koma sizinafike ngakhale theka. Njira inatsala imodzi: kukazula malata n'kuwagulitsa. Taganizani, mkamwini pamwamba pa denga la apongozi ndi hamala, mudzi wonse ukuonerera, udzu wakale unapsa kale, ndipo mwamuna wa wailesi uja ataima potero manja m'thumba. Ndinkalakalaka nthaka itang'ambika. Esinati analira, kenako anati, "Tiyeni tikawauze amayi. Koma mukalankhule nokha, ine pakamwa panga sipangatuluke zimenezo."

Tinafika pa kabaza chakumasana. Apongozi anali pansi pa mtengo womwe uja, akusankha manachesi m'madengu. Ndinanjuta patali, chipewa m'manja, n'kuyamba kufotokozera nkhuku imene inkadutsa, poti kuwayang'ana kumaso sindikanatha. Ndinafotokoza za makhadi awiri, za a Zuze, za sabata imodzi. Iwo ankangosankha manachesi, awa uku, awa uku.

Nditamaliza anati, "Esinati, tawafunsa apongoziwo. Pamene ankatenga katundu wa eni ake, anafunsa tsiku lobweza?"

"Sindinafunse, amayi."

"Ine sukulu sindinapite. Koma mavenda a ku Blantyre akamatenga manachesi anga, tisanakweze dengu ndimayamba ndafunsa: mulipira lero, kapena muzilipira pang'onopang'ono? Wa pang'onopang'ono mtengo wake ndi wina." Anatola nachesi lina n'kulinunkhiza. "Denga langa lisakhudzidwe. Ndagonamo kale, ndalizolowera."

Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi chitini cha mkaka chakale, n'kumupatsa Esinati. Munali ndalama za manachesi za zaka zingapo, zimene ankasunga kuti adzagule, mukudziwa chiyani? Malata.

Ndinalira, abale. Bambo wamkulu ndevu pepeya, misozi chuchuchu pamaso pa apongozi.

"Uwauze asiye zimenezo, anthu angaone," anatero. "Kumudzi kuno malatawa anagula ndi iwowo, ndipo zikhala choncho. Mwana wanga asasekedwe. Koma ngongole yanga ndi yamtundu wa anzawo a thirakiwo. Azibweza pang'onopang'ono. Chaka chilichonse manachesi akapsa, abwere adzathyole, akweze, akagulitse ku boma."

"Mpaka liti, amayi?" ndinafunsa nkhuku ija.

"Esinati, uwauze kuti ayamba kuchenjera. Afunsa tsiku."

Koma tsikulo sananene. Lolemba ndinakalipira zonse, Mayi Saidi anandilanda khadi n'kulidula ndi sizasi ine ndikuona, ndipo ntchito inapulumuka. Kuyambira chaka chimenecho, nyengo yozizira ikafika ndinkatenga tchuthi n'kupita ku Thambani kukakwera mitengo, minga ikundilasa, apongozi ali pansi akulamula kudzera mwa Esinati. Chaka chachisanu ndinawerengetsera ndekha n'kupeza kuti ndinabweza kalekale. Nditatumiza mawu, yankho linabwera loti, "Imeneyo inali ngongole. Pano akubweza chiwongoladzanja." Ndipo ndinamva akuseka kuseri kwa nkhokwe, koyamba kuwamva akuseka chifukwa cha ine.

M'zaka zimenezo ndi mmene tinazolowerana. Anayamba kundisungira manachesi okoma kwambiri m'kadengu kapadera, ngakhale sanavomerepo kuti ndi anga. Ankangoti, "Awa ndi owonongeka, uwapatse apongoziwo."

Anamwalira chaka chathachi, m'nyumba yomwe ija, pansi pa denga limene anagula okha. Pamaliro, wolankhula m'malo mwa banja ananditchula kuti ndine mkamwini amene anafolera nyumba ya malemu. Ndinazolika ngati kale.

Masiku ano pepala lililonse ndimaliwerenga mpaka tizilembo tapansi, ndipo munthu akandionetsa khadi ndimayamba ndafunsa kuti ndi lamtundu uti. Koma manachesi apsanso, ndipo tchuthi ndatenga kale. Esinati akuti palibenso wondikakamiza. Ndikudziwa. Kungoti mwini ngongole anapita asanandiuze kuti yatha.